Jakisoni Amene Sindinamubaye Mwanaisha

Ana anga, inu mumandidziwa ngati bambo wokalipa amene anagwira ntchito yopereka mankhwala mpaka kupuma. Kukalipako sindikukana. Koma pali nkhani imodzi ya pa ntchito imene sindinakuuzeni bwinobwino, chifukwa ineyo mpaka lero sindidziwa ngati ndinakhoza kapena ndinalakwa. Za ubwana wanga ndadumpha, mulibe kanthu.

Ku Dwambazi, mpaka chaka cha referendamu

Nditamaliza Fomu 4 ndi kosi yochepa ya zamankhwala, ananditumiza ku kachipatala kena ka mishoni cha ku Dwambazi, kufupi ndi mtsinje. Tinalipo atatu okha: ine, mzamba, ndi bwana wathu a Mhone, a medikolo asisitanti, munthu wa mawu ochepa amene Chichewa chawo chinkasakanikirana ndi Chitonga akakwiya. Ntchito yanga inali kukulunga mapilitsi m'timapepala ndi kuuza anthu kamwedwe kake. Koma pa chipatala cha anthu atatu palibe amene amati iyi si ntchito yanga. Ndinkatsuka mabala, ndinkaphika majakisoni mumphika, ndipo a Mhone ndi amene anandiphunzitsa kupeza mtsempha pa mkono wa mwana amene malungo amuumitsa. Ankandigwira chala n'kuchiyendetsa pa khungu la mwanayo, akundiuza kuti mtsempha safuna ndi maso, amafufuza ndi chala. Pofika chaka chachitatu ndinkapeza mtsempha pamene mzamba walephera, ndipo ndinkanyada nazo kwambiri, mwina mopyola muyeso.

Kumeneko ndinachoka chifukwa cha mtima wanga. Tsiku lina mkulu wa achinyamata a chipani anaima pa khomo la chipatala n'kumabweza aliyense wopanda khadi, mpaka kubweza mayi amene mwana wake ankakomoka kumsana. Ndinatuluka, ndinamulanda makhadi onse n'kuwaponya mu ngalande. A Mhone sanandikalipire. Anangolemba kalata, ndipo sabata isanathe ndinali pa lole ndi amayi anu ndi katundu wathu, kulowera kum'mwera. A Mhone anandiuza kuti akundithamangitsa kuti ndikhale ndi moyo.

Cha ku Benga, chaka cha chisankho choyamba

Chipatala chatsopanocho chinali chokulirapo, cha mawodi atatu, ndipo chinali ndi dokotala weniweni, mayi wachizungu wa ku Ulaya. Dzina lake lenileni linkatipweteka lilime, choncho amayi a ku wodi anamutcha Nabanda, ndipo iye ankavomera. Chichewa chawo a Nabanda chinali chokhota koma sankachita nacho manyazi. Ine anandipatsa makiyi a disipensale ndi firiji ya palafini. Firiji imeneyo inkandisowetsa mtendere. Chingwe chake chikatalika pang'ono inkafuka utsi n'kusiya kuzizira, chikafupika inkazima, ndipo ine ndi a Nabanda tinkakangana pafupifupi sabata iliyonse chifukwa cha iyo.

Mufirijimo, kumbuyo kwa katemera, munali kachitini ka mabisiketi, ndipo m'kachitinimo munali timabotolo tating'ono ta mankhwala oyera ngati madzi. Tsiku lina nditatopa ndi kulalatiridwa ndinawafunsa kuti timabotoloti n'tachiyani kuti tizindidzutsa mbandakucha. Anati ndi vinikirisitini, mankhwala a khansa. Kenako anandikoka dzanja kupita panja, n'kundilozera maluwa amene anamera okha m'mbali mwa masitepe. Inu mumawadziwa, timaluwa tofiirira tija, ta masamba onyezimira, timene timamera ngakhale pa mchenga ndipo mbuzi sizidya. Anati mankhwala a m'kachitini aja amachokera mu duwa limeneli.

Ndinayesa akundiseka. Nditaona kuti akunenetsa, mtima unandikwera. Ndinawafunsa kuti nanga bwanji tikudikira lole ya ku Lilongwe pamene mankhwalawo tikuwaponda tsiku ndi tsiku, kapena ndi nzeru za azungu kutitengera duwa lathu n'kudzatigulitsa m'botolo. Sanakwiye. Anakhala pansi pa sitepe n'kundifotokozera, ndipo ndiyesetsa kulemba monga ananenera, ngakhale tsikulo sindinamve zonse.

Anati mu tsambalo mankhwala alimo, koma ndi ochepa zedi, moti thumba lathunthu la masamba ouma lingatulutse kanthu kosakwana njere ya mchere. Anatinso mu tsamba lomwelo muli zinthu zina zambirimbiri, zina zopanda ntchito, zina zapoizoni, ndipo pamafunika makina kuti azilekanitse. Ukamwa, mankhwalawo safika kumene kuli chotupa. Amayenera kulowa mumtsempha basi, ndipo singano ikaphonya pang'ono amawotcha mnofu. Ngakhale alowe bwino, amapita paliponse m'thupi osasankha, n'chifukwa chake wodwala amamva dzanzi m'zala ndipo m'mimba mumauma. Vuto lalikulu, anatero, si kupeza mankhwala ayi, koma kuwafikitsa pamalo pake. Kenako anandiuza chinthu chimene chinandizunguza mutu. Anati kwawoko anthu ophunzira akuyesa kukulunga mankhwala omwewa m'timipira ta mafuta, tating'ono kwambiri moti kafumbi kamene timakaona m'kuwala kwa pawindo n'kakakulu kuposa ito. Timipirato tizitha kuyenda m'magazi titatsekeka, kudutsa mnofu wabwino osautayira kanthu, koma tikafika pa chotupa, pamene mitsempha yake ili ngati ukonde wakale wong'ambikang'ambika, tizitulukira m'mabowomo n'kukhutula mankhwala pomwepo.

Ndinafunsa kuti ndani amauza kampirako kuti wafika, tsika apa. Anaseka n'kunena kuti palibe amauza, ndipo n'chifukwa chake akadayesabe, sanamalize. Ndinafunsanso kuti munthu amakulunga bwanji chinthu chimene sangathe kuchiona. Anati a Chisale, ine ndine dokotala wa kumudzi ngati inu, ndinangowerenga. Ndinabwerera mu disipensale ndili ndi chizungulire. Pa zonse zimene ananena, mutu wanga unasunga ziwiri: mankhwala ali mu duwa, ndipo amalowera mumtsempha. Zina zonse zinagwera panjira.

Dzinja lotsatira chisankho

Mlongo wanga Rute, azakhali anu, anakwatiwa ku Chia ndi a Juma, msodzi wa pa dziwe la kumeneko, Msilamu wochokera ku mabanja akale a pa boma. Ukwatiwo ine ndinaukana poyamba, ndipo ine ndi alamu angawo tinkangopatsana moni wa pakamwa. Mwana wawo woyamba anali Mwanaisha, wa zaka zisanu ndi zitatu, kamtsikana kolongolola kamene kankandiseka dazi pamaso pa alendo.

Mvula itayamba, tsaya lake linatupa. Anayesa ndi dzino, ndipo munthu wina pa msika wa Benga analizula ndi pulayasi. Kutupako kunangoipira. Pamene ankabwera naye kwathu, diso limodzi linali litakankhidwira m'mwamba ndipo pakamwa sipankatsekeka. A Nabanda anamupima, n'kunena kuti ndi khansa ija imene imagwira ana a m'mbali mwa nyanja. Anayamba kumubaya mankhwala a mitundu iwiri, ena a ufa osungunula, ena a m'kachitini kaja. Ana anga, chimene ndinaona sindinachionepo kale. Masiku ochepa okha chotupa chinaphwa, diso linabwerera m'malo, mwana anayamba kukukuta chimanga chootcha. A Juma anabwera ndi chambo chachikulu kudzapatsa dokotala, ndipo kwa nthawi yoyamba anandigwira chanza ndi manja awiri.

Mwanaisha anabayidwa kawiri, mankhwala n'kutha. Inali nthawi imene kwacha inagwa, zinthu zikusowa paliponse, ndipo ukafunsa chifukwa aliyense ankangoti ndi demokalase. Lole inabwera ndi asipirini ndi magolovesi, woyendetsa n'kulonjeza kuti zina zibwera sabata yamawa. Pa nthawi yomweyo a Nabanda analandira uthenga woti bambo awo akudwala mwakayakaya kwawo, ndipo anayenera kupita. Asananyamuke analemba kalata yoti mwana apite ku chipatala chachikulu ku Blantyre, kumene ana a matenda amenewa ankagonekedwa, ndipo anatichenjeza kuti kuphwa kwa chotupa sikuchira.

A Juma anakana. Anati mwana wachira, aliyense akuona. Atapanikizidwa ananena chenicheni chimene chinali mumtima mwawo. Anati Msilamu akamwalira amaikidwa tsiku lomwelo, ndipo Blantyre ndi kutali, uthenga sungafike iwo n'kukapezeka pa maliro. Ndani akamusambitsa, ndani akamuveka sanda, nsalu ija ya maliro, ndani akamugoneka moyang'ana kumene ayenera kuyang'ana? Anamvanso kuti kumeneko anthu opanda abale amaikidwa ndi akaidi. Tsono kwathu kwa Achewa, mwana akadwala mawu omaliza ndi a malume, ndipo malumewo ndinali ine. Kwa a Juma ankati mwana ndi wa bambo. Ndikanalimbikira tsiku lomwelo ndikanapambana, chifukwa Rute ankandimvera. Koma ine, munthu amene ndinkakalipa pa nkhani ya chingwe cha firiji, pa nkhani iyi ndinakhala chete. Ndinakhulupirira woyendetsa lole. Kalata ndinaiika mu dirowa.

Patatha masabata atatu anabweranso naye, tsaya litatupa kuposa poyamba.

Miyezi imene anthu ankakamwa mankhwala a khungwa

Muyenera kudziwa mmene dziko linalili. Inali nthawi imene anthu ankadzaza malole kupita kum'mwera kukamwa madzi a khungwa la mtengo kwa mkulu wina amene ankati analota mankhwala a matenda aja amene ankatimaliza. Aphunzitsi anapita, abusa anapita, anamwino athu awiri anapita. Pa msika wa Benga anyamata ankagulitsa makapisozi m'mbale ngati mtedza. Munthu sunkadziwanso kuti mankhwala ndi ati, wodziwa ndi ndani. Ine ndinkanyoza zonsezo mokweza, koma kunena zoona, m'mutu mwanganso munali mutasokonekera.

A Juma anabwera ndi botolo la kombe, madzi amene bambo awo, mwalimu wa pa mzikiti, anatsukiramo mawu opatulika olembedwa pa mbale. Anatinso akufuna kutenga mwana kupita naye kokamwa khungwa kuja. Tinali pa masitepe a disipensale. Ndinawalalatira mpaka odwala anatuluka kudzaonera. Ndinanena mawu onyoza kombeyo amene sindingawalembe pano. Kenako ndinazula duwa lija ndi mizu yomwe n'kuwalozetsa kumaso, ndikuwauza kuti mankhwala enieni amene anaphwetsa mwana wawo ndi awa, osati madzi a m'mbale. Iwo sanakweze mawu. Analandira duwalo, n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye alamu, ngati mankhwala ndi awa, ndipo inu ndinu munawaphunzira, mwana wa mlongo wanu akuferanji pambali pake?"

Funso limenelo linakhala m'mutu mwanga masiku awiri. Ndinkati thumba la masamba ndingalipeze, maluwawa ali paliponse. Mphika wophikira majakisoni ulipo. Mtsempha ndimaupeza ndi chala. Azungu aja ali ndi chiyani chimene ine ndilibe, kupatula makina? Ndipo ngati akadayesabe za timipira tawo, ndiye kuti nawonso amangoyesa. Ndikalemba chonchi lero zikuoneka za misala. Nthawi imeneyo zinkaoneka ngati nzeru.

Ine ndi Rute tinathyola masamba kuzungulira chipatala ndi nyumba za ogwira ntchito mpaka thumba linadzaza. Tinawayanika pa lata masiku atatu, tikumawathawitsa mvula ikamabwera. Rute anawasinja mumtondo. Lamlungu masana, titaweruka ku tchalitchi ndipo disipensale ili yotseka, ndinatenga mphika wa majakisoni kupita nawo kunyumba kwanga kuseri kwa chipatala. Ndinaphika ufawo, ndinasefa pa bandeji, ndinasefanso pa thonje katatu, ndinaphikanso mpaka panatsala theka la kapu. Ndinkayeza pa sikelo n'kumalemba manambala m'kope ngati munthu wodziwa chimene akuchita. Madziwo anatuluka obiriwira modera, onunkha ngati therere lopserera.

A Juma ndi amene anati tiyambe tayesa pa nkhuku, monga ankachitira akale ndi mankhwala okayikitsa. Tinagwira thadzi la amayi anu. Ndinalitambasula phiko, ndinapeza kamtsempha, ndinabaya pang'ono. Nkhukuyo inagona chafufumimba, maso ali tseketseke. Ndinati basi yafa, ndipo mumtima ndinapepukidwa, chifukwa nkhani ikanathera pomwepo. Koma patapita kanthawi inadzuka, inakutumula nthenga, n'kuyamba kuthamangitsa chiwala. Lolemba m'mawa inali ikudya gaga ndi zinzake. A Juma anati alihamudulilahi. Ine ndinangoima n'kumaiyang'ana, osadziwa ngati yandithandiza kapena yandipereka.

Nthawi ya nkhomaliro tinayala mphasa pakhonde. Amayi anu anatenga inu nonse kupita nanu kwa anansi, atandiuza kuti iwo za zimenezi sakufuna kuzionako. Mwanaisha anakhala pa miyendo ya mayi wake n'kutambasula yekha mkono, chifukwa anali atazolowera. Ndinamanga kachubu, ndinapukuta ndi sipiriti, ndinayendetsa chala mpaka mtsempha unagunda pansi pake. Singano inali itakhudza khungu. Mwanayo anali akuyang'ana jakisoniyo ndi diso lake limodzi labwino, ndipo analankhula movutikira chifukwa cha kutupa kuja.

"Amalume, mankhwala a adokotala aja anali oyera ngati madzi. Awa bwanji ali chonchi?"

Chimene chinapangitsa madziwo kukhala obiriwira sindinkachidziwa. Kaya munali mankhwala, kaya munalibe, kaya anali ochuluka moti n'kupha ng'ombe, sindinkadziwa. Manambala a m'kope aja anali ongodzinamiza. Sindinganene kuti ndinazindikira zonse bwinobwino nthawi yomweyo, ayi. Ndinangochotsa singano pa khungu la mwanayo. Ndinamasula kachubu, ndinaimirira, n'kufinyira madzi onse pa dothi.

A Juma anadzuka.

"Alamu, nkhuku ija ili moyo."

Ndinawayankha kuti nkhuku si mwana wa mlongo wanga. Anati ineyo ndi amene ndinawalozetsa duwa kumaso, ineyo ndi amene ndinanyoza kombe ya bambo awo pamaso pa anthu, tsono lero ndataya mankhwala anga omwe, ndiye iwo akhulupirire chiyani? Funso linali loona, ndipo chifukwa linali loona ndinakwiya kwambiri. Ndinakankha mphika ndi phazi. Ndinawauza kuti mwini mbumba ndine, kalata ili mu dirowa, ndipo mawa mwana akukwera basi, afune asafune.

"Akakafera kumeneko mudzandiuza chiyani?"

"Ndidzakuuzani kuti wafa."

Mawu amenewo ndinawanena ine, bambo wanu, kwa munthu za mwana wake, mwanayo akumva. Rute anadzuka ndi mwanayo. Analowa m'nyumba n'kuyamba kumanga zovala pa chitenje. A Juma anati iwo sapita, sangathandize kunyamula mwana wawo kupita naye kokatayidwa. Komabe m'mawa anatiperekeza pa siteji, anaika dzanja pamutu pa mwanayo n'kunena mapemphero awo chapansipansi. Ine sanandiyang'ane.

Ku Blantyre

Ndinachoka pa ntchito osapempha, ndinangosiya makiyi ndi kakalata pa tebulo la amene ankagwirizira udindo wa a Nabanda. Tinadzera ku Salima ndi ku Balaka, ulendo wa tsiku lathunthu. Mu wodi imene anatigoneka munali ana ambiri a masaya ngati a Mwanaisha, ena ochokera kutali kuposa ife. Mankhwala analipo, oyera ngati madzi. Dokotala wachinyamata amene anatilandira anawerenga tsiku limene kalata inalembedwa, n'kundiyang'ana, n'kufunsa kuti tinali kuti nthawi yonseyi. Sindinamuuze za mphika. M'malo mwake ndinamufunsa ngati ali ndi mankhwala aja okulungidwa m'timipira ta mafuta, opita pa chotupa pokha. Anadabwa kuti ndinazimva kuti. Anati anawerengapo, koma m'dziko muno mulibe, ndipo ngakhale kunjako akadali kuyesa.

Chotupa cha kumaso chinaphwanso. Ndinayamba kukonza m'mutu mawu amene ndikawauze a Juma tikabwerera. Koma matenda anali atalowa kumsana. Miyendo inaleka kugwira ntchito, kenako anayamba kungogona. Sabata yachitatu, m'mawa, Rute akumupukuta kumaso, anatisiya.

Panalibe njira yoti uthenga ufike ku Chia nthawi yake. Mayi wina wachiyao amene ankadwazika mdzukulu wake pa bedi loyandikana nalo ndi amene anatithandiza. Anatuma uthenga ku mzikiti. Kunabwera amayi, anamusambitsa n'kumuveka sanda. Kunabwera amuna amene sindinkawadziwa ndi mmodzi yemwe, ananyamula mwana wa munthu amene sanamuonepo ngati wawo. Rute anatsala, poti kwa iwo akazi safika kumanda. Wachibale amene anaima pa dzenjelo ndinali ine ndekha, Mkhristu wosadziwa nthawi yokweza manja ndi yowatsitsa. Mandawo analibe mayina. Inali mitumbira yokhayokha ya dothi lofiira, yambiri yatsopano. Ndinaika chizindikiro m'mutu kuti ndi wachinayi kuchokera pa mtengo wa bulugamu, mzere wa kumpanda. Kenako mvula inayamba ndipo tinathawa.

A Juma tinawapeza pa gombe la dziwe akusoka ukonde. Uthenga unali utafika kale. Ndinayembekezera kuti andikumbutsa mawu anga aja, ndipo ndinali wokonzeka ngakhale kumenyedwa. Anangofunsa kuti anamusambitsa ndani, ndipo anamugoneka bwanji. Ndinawauza zimene ndinaona, kuti anamugonekera kudzanja lamanja, nkhope italoza kumpoto. Anagwedeza mutu n'kupitiriza kusoka. Patapita nthawi anati akakolola mpunga ndikawasonyeze pamalopo.

Ku ntchito anandipatsa kalata ya chenjezo ndipo makiyi anapatsa wina. A Nabanda anabwerera patatha masabata awiri, atanyamula timabotolo tatsopano mu fulasiki ya tiyi. Ndinawauza zonse, za thumba, za mphika, za nkhuku. Ndinawafunsa kuti ndikanabaya chikanachitika n'chiyani. Anati mwina akanafera pa mphasa pomwepo, mwina sichikanachitika chilichonse, koma kuchira ayi. Ndinafunsa kuti ndikanapita naye tsiku limene analemba kalata, akanachira? Anati ena amachira, ena ayi, sakudziwa. Nanga timipira tija tikanakhalapo? Anati sakudziwa. Ndinatuluka ndikumenyetsa chitseko, ngakhale analibe mlandu.

Nyengo yozizira, chaka chomwecho

Atakolola mpunga, a Juma anabwera kwathu atavala mkanjo woyera, ndipo tinakwera basi awiri. Pa Balaka anagula nthochi n'kundigawira.

Titafika kumanda kuja ndinaima kakasi. Bulugamu uja anali atadulidwa, ndipo zitsa zinalipo ziwiri, osati chimodzi. Mpanda anali atausunthira kunja kuti apeze malo. Mizere inali itawonjezeka, mitumbira ya dzinja itaphwa ndi mvula n'kumera udzu wofanana. Ndinayenda uku, ndinayenda uko. Ndinawerenga kuchokera pa chitsa choyamba, ndinafika pa kamtumbira kakang'ono. Ndinawerenga kuchokera pa chachiwiri, ndinafikanso pa kamtumbira kakang'ono. Pakati pa iwiriyo panalinso kena. Munthu woyang'anira manda ndinamufunsa, anati miyezi imeneyo anaika ana ambiri, sangakumbukire. A Juma anali ataima patali pang'ono, atavula nsapato, atanyamula botolo la madzi a pa dziwe lakwawo. Sanandifulumizitse. Ankangodikira, chifukwa padziko lonse munthu amene ankadziwa pamene pali mwana wawo ndinali ine.

Ndinaloza wapakati.

Anapita pomwepo, ananjuta, anazula udzu ndi manja mpaka mtumbira wonse unayera. Anathira madzi aja pang'onopang'ono kuyambira kumutu. Anatambasula manja n'kupemphera nthawi yaitali, ine nditaima kumbuyo kwawo chipewa chili m'manja. Atamaliza anapukuta kumaso, n'kutembenuka ali chinjutire.

"Ndi pano ndithu, alamu?"

"Ndi pano."

Anati zikomo. Anayang'ana uku ndi uku kuti aloweze malowo, anatola mwala woyera n'kuukhomera kumutu kwa mtumbira, kuti akadzabweranso okha asadzasochere. Kuyambira chaka chimenecho amapitako akakolola mpunga, ndipo sanasocherepo.